Anakwera Popanda Loko

Mlandu umenewu anandipatsa atauweruza kale. Lachitatu m'mawa abwana anangondiponyera fayilo patebulo n'kunena kuti, "Sajeni Kamphinda, ingolembani bwinobwino mupite nazo kukhoti. Mkazi wapha mwamuna wake ndi loboti." Ine Charity Kamphinda ndafufuza milandu kuno ku Salima mpaka imvi kumera. Ndaona anthu akuphana ndi zikwanje, ndi nkhafi, ndi tameki, koma ndi loboti ayi. Ndipo palibe mawu amene amandinyansa pa ntchito yanga ngati akuti "ingolembani". Ndine kalaliki ine?

Nkhani yake inali motere. Pachitunda china cha ku Lifuwu, kampani ina inaimika makina opanga magetsi ndi mphepo, chimzati chachitali kuposa mlambe uliwonse, cha mapiko atatu. Anthu akumeneko amangoti chikupizo. Magetsi ake amayendetsa pampu yothirira minda ya mpunga m'munsi mwa chitundacho. Mapiko aja amang'aluka ndi mvula, mchenga ndi mphezi, ndipo kuti amatidwe pamafunika munthu wolendewera pa chingwe m'mwambamo. Munthu ameneyo anali Chrispin Malunga. Mkazi wake, Pauline, ndi injiniya, ndipo ankapanga loboti yoti izikwawa pa phiko, kupala pong'aluka n'kumatapo chigamba yokha. Lachiwiri m'mawa Chrispin anamupeza pansi atafa, chingwe chitaduka, loboti ili pambali pake. Pofika masana Pauline anali m'chitokosi.

Ndinamupeza atakhala pansi, msana kukhoma, atafunda chitenje chomwe anathamanga nacho atamva uthenga. Maso anali ouma gwa. Azimayi olira ndimadziwa powagwira. Amene amandiopsa ndi awa osalira.

"Mayi Malunga, ndine Sajeni Kamphinda. Ndiuzeni za Lachiwiri."

"Maliro ndi liti?"

"Mawa, kwawo ku Chinguluwe."

"Ndiye ndikupempheni chinthu chimodzi, amayi. Mundimange zaka zonse zimene mukufuna, koma mawa ndikaike amuna anga. Ngakhale ndi unyolo m'manja."

Sindinamulonjeze. Munthu wa mlandu wakupha sitipita naye kumaliro a munthu amene akuti wamupha, abale angamudye wosaphika. Njira inali imodzi yokha, kuti pofika mawa m'mawa akhale alibe mlandu.

Anafotokoza motsitsa mawu, osathamanga. Lolemba madzulo anayesa loboti komaliza, chifukwa akuluakulu a kampani ankayenera kubwera sabata yomweyo kudzaona ngati ikugwiradi ntchito. Inamata chigamba, anaitsitsa n'kuitsekera m'kontena momwe amasungira zida. Lachiwiri anadzuka mwamuna atapita kale, ati kukagula nsomba ku Senga Bay. Iye anali yekha m'nyumba, popanda womuchitira umboni.

"Aneba anu akuti Lolemba munakangana," ndinatero.

Anaweramitsa mutu. "Tinakangana. Nthawi iliyonse tikayesa loboti, m'mawa mwake amalawirira, ati nsomba. Amabwera ndi timicheni tiwiri, atasamba kale, akununkha sopo amene si wa pakhomo pathu. Inuyo mukanaganiza chiyani?"

Ndisaname, ndikanaganiza zomwezo, mwinanso ndikanafika nazo patali kuposa iye.

"Ndinalankhula zoipa," anapitiriza. "Ndinati tsiku limene ndidzawagwire, wina adzafa. Ndi mawu omaliza amene anamva kuchokera pakamwa panga."

Ndinatseka fayilo kuti ndizipita, koma anandigwira mkono.

"Pali chimene sindikuchimvetsa. Lamulo lathu n'lakuti aliyense wokwera amakhoma loko wake pa buleki ya chikupizo, kiyi n'kuika m'thumba, kuti wina asamasule mapiko iye ali m'mwamba. Loko wa amuna anga ndimasunga ndine, m'chikwama changa. Ndinachitira dala, kuti asamakwere ine osadziwa. Loboti yonseyi ndinaipangira iwo, amayi, kuti asiye kulendewera pa chingwe. Loko uja ali m'chikwama mpaka lero. Munthu wosamala ngati iwo, anakwera bwanji popanda loko?"

Mu fayilo loko yemweyo anali atamulemba ngati umboni womupanikiza, ati anamubisira mwamuna dala. Koma funso lake linanditsatira mpaka pagalimoto.

* * *

Pachitunda ndinalandiridwa ndi Elliot Chikhosi, woyang'anira malowo. Malaya opisira, nsapato zopolisha, koma maso ofiira ngati sanagone. Makiyi a mpanda anali ndi anthu atatu okha: iyeyo, Pauline ndi malemu.

"Ndi zomvetsa chisoni kwambiri, a Sajeni," anatero. "Chrispin anali ngati mng'ono wanga. Ine ndinafika dzuwa litatuluka, geti lili lotsegula. Ndiye ndinapeza zimene ndinapezazo."

"Mapiko anali pa buleki?"

"Kuyambira Loweruka. Tikamayesa loboti chikupizo chimaima. Sichinagwedezeke ngakhale pang'ono."

"Nanga chingwe chinaduka bwanji?"

Anandilowetsa m'kontena. Pakhoma anali atamatapo zithunzi zikuluzikulu za zigamba zonse zimene loboti inamata, zoti alendo adzagome nazo. Loboti yeniyeniyo inali pansi, chinthu chonga nkhanu yaikulu, cholemera ngati thumba la mpunga. Anandilozera kachitsulo kozungulira kumapeto kwa mkono wake.

"Chopalira ichi chimadya faiba, pulasitiki wolimba wa mapiko aja. Chingwe n'chiyani kwa icho? Zikuoneka kuti anabwera awiriwo m'mamawa kudzayesanso. Sindikufuna kunamizira munthu, a Sajeni, koma loboti siganiza. Imachita zimene yauzidwa, ndipo amene amadziwa kuiuza ndi mmodzi yekha."

Munthu akayamba ndi "sindikufuna kunamizira munthu", ine ndimatchera khutu. Ndinagwada n'kuiyang'ana bwino nkhanu ija. Mkono umodzi unali wopindika, basi. Galasi la kamera yake linali lamphumphu, lopanda ndi mng'alu womwe. Foni yanga ine inagwa kuchokera pa tebulo lokha galasi n'kuthetheka, ndiye ichi akuti chinagwa kuchokera kumwamba kuja.

Panja ndinapempha kuti andionetse pomwe panagona thupi. Anandilozera pafupi ndi mpanda. Ndinaima pamenepo n'kuyang'ana m'mwamba mpaka khosi kuwawa. Munthu akakhala pa chingwe, chingwe n'kuduka, amagwa pansi pomwepo ngati papaya. Uyu anagwera kutali ndi mzati, ngati china chake chinachita kumuponya. Pomwe anagwera dothi linali litalowa. Pomwe akuti panagwera loboti udzu unali utangogona pang'ono. Ndipo kuchokera pakhomo la kontena kufika pamenepo panali mzere umodzi wopyapyala m'dothi, wa tayala la wilibala.

Ndinathokoza Elliot mwaulemu wonse, ndi kumupepesa pa imfa ya mng'ono wakeyo, kenako n'kutsetsereka wapansi kulowera kuminda.

* * *

Munda woyamba m'munsi mwa chitunda unali wa mayi Safia. Ndinawapeza ataima m'dothi long'aluka, mpunga utayamba kuchita chikasu kunsonga. Nditatchula za malemu anakweza manja.

"Inna lillahi wa inna ilayhi raji'un. Mnyamata waulemu uja. Akamadutsa apa ankatsika panjinga kuti andipatse moni."

"Lachiwiri m'mamawa munali kuno?"

"Nanga ndingakhale kuti, mpunga ukundifera chonchi? Nditangoswali alfajiri, swala ya mbandakucha, ndinabwera."

"Munaona chiyani pachitunda?"

"Kuona sindinaone kanthu, mwanangu. Kunja kunali kukungoyera, ndipo maso anga anali pansi, pa paipi iyi. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti madzi anabwera."

"Madzi?"

"Ee. Kuyambira Loweruka tili pouma, ati akuyesa kachilombo kawo kachitsulo. Lolemba tinapita gulu kwa a Elliot. Tinawauza kuti bambo, inu mukuyesa, ife tikufa. Anatilonjeza kuti Lachiwiri m'mamawa atsegula okha. Ndipo zoona, mwera utangoyamba, paipi inatsokomola, madzi n'kutuluka. Ndinati Alhamdulillah. Ndisanamalize n'komwe kutsegula ngalande imodzi, anasiya. Mpaka lero."

"Pampu ija ingayende chikupizo chitaima?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa ngati nkhuku imayamwitsa. "Wallahi, ayi. Icho chikazungulira ife timamwa, chikaima timauma. Palibenso china."

Ndinayang'ana paipi youma ija, kenako chikupizo chili zii pachitunda. Elliot anali atandiuza kuti mapiko sanagwedezeke kuyambira Loweruka. Mtima unkandiuza kuti ndikwere pompo ndikamukoke ndi malaya ake opisirawo. Koma ndinali ndisanadziwe chimene chinamukweza Chrispin m'mwamba muja, ndipo popanda chimenecho abwana akanangoti mkazi ndiye anamasula buleki, poti makiyi nayenso anali nawo. Ndinafunika kumupeza mkazi wa ku Senga Bay uja.

* * *

Ku Senga Bay ndinayamba ndi amayi oyanika usipa pa thandala, poti za zibwenzi palibe chimene chimawadutsa. Nditatchula Chrispin anayang'anana. Mmodzi anapukusa mutu n'kunena kuti mwana ameneyo ngakhale kumuseketsa sankatembenuka, ndikafunse kwa Gift womata maboti, ndi kumene ankafikira.

Gift anali pansi pa mtengo, boti ya faiba ataigadabuza, iye akumata pomwe inabooka. Anali munthu wamfupi, wa mawu okalipa, manja oyera mbuu ndi fumbi. Nditamuuza chimene ndadzera anaseka, koma kuseka kwake kunathera m'misozi.

"Mkazi? Ndiye kuti mkazi wachiwiriyo ndine, amayi. Chrispin tinaphunzira limodzi kumata maboti pagombe pano, asanapite kukaphunzira za zingwe. Amati akayesa makina awo aja, madzulo amandiimbira kuti achimwene, mundisungire micheni. M'mawa amafika dzuwa litakwera, thupi lonse faiba yekhayekha, akudzikanda ngati wagona pa chitedze. Amasamba kuseri uko ndi sopo wanga wochapira, n'kutenga nsomba zake, uyo wapita."

"Faiba ameneyo amakamutenga kuti m'mawa choncho?"

"Sananene. Guluu ankatenganso kwa ine, pang'onopang'ono, m'kabotolo. Ndinamufunsapo kuti kodi kukampani kwanuko guluu watha? Anangoti, mwana akamaphunzira kuyenda umamugwira dzanja, koma sumamuuza."

"Lolemba anaimba?"

"Anaimba. Micheni yake ndinamusungira." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ndinadya ndekha Lachiwiri madzulo, ndikulira ngati chitsiru."

Anatembenukira ku boti yake kuti ndisamuone nkhope. Anasalaza chigamba chija, kenako n'kudinda chala chachikulu m'mphepete mwake, n'kuchotsa. Panatsala kachidindo.

"Mwatero chifukwa chiyani?" ndinafunsa.

"Chiyani?"

"Chalacho."

Anayang'ana chala chake ngati si chake. "Aa, kumva ngati guluu wayamba kugwira. Tonse amene tinaphunzirira pagombe pano timatero. Dzanja limangochita lokha, mutu sudziwa n'komwe. Tayang'anani maboti onsewa."

Ndinayenda m'mbali mwa maboti aja, nsapato zikudzaza mchenga. Chigamba chilichonse chinali ndi kachala kake m'mphepete.

"Chrispin nayenso ankatero?"

"Ndi chamanzere. Chake n'chosasowa, chili ndi mzere pakati. Mbedza inamung'amba tili ana."

Ndinakumbukira zithunzi za pakhoma la kontena. Sindinamutsanzike n'komwe Gift, ndipo ndikudziwa kuti anandiona ngati wamwano.

* * *

Dzuwa linali litapendeka pomwe ndinafikanso pachitunda. Elliot ndinamupeza akuchotsa zithunzi zija pakhoma, ati alendo sabweranso.

"Zisiyeni," ndinatero. "Mlendo ndine."

Ndinavala magalasi anga n'kuyamba ndi choyamba. Pakati chigamba chinali chosalala bwino, ndipo munthu aliyense wofuna kudziwa ngati chamatika angayang'ane pamenepo. Ine ndinayang'ana m'mphepete. Kumunsi, chakumanzere, kanalipo, kakang'ono ngati njere ya nyemba, mzere uli pakati. Chithunzi chachiwiri, kanalipo. Chachitatu, chimodzimodzi. Ndinayenda khoma lonse mpaka chomaliza, cha Lolemba. Chimenecho chokha chinalibe.

"A Chikhosi," ndinatero, "loboti yanuyi ili ndi chala chachikulu?"

Ndinamuuza za madzi a mayi Safia. Ndinamuuza za galasi la kamera ndi za tayala la wilibala. Ndinamuuza kuti sindine injiniya, koma si ine mwana. Anakhala pa bokosi la zida, ndipo Chichewa chake chapamwamba chija chinathawa, kunatsala cha kumudzi.

"Zinayamba ndi chigamba choyamba," anatero. "Loboti ikamata, timaphimba ndi pulasitiki mpaka mawa masana kuti chiume. Chrispin sanapirire, analawirira kukasuzumira. Anapeza thovu lokhalokha, chigamba choti mvula imodzi chamatuka. Anabwera kwa ine. Anati achimwene, kampani ikaona izi itseka ntchitoyi, ndipo mkazi wanga wathera zaka zake pamenepa. Mundilole ndikonze kamodzi kokha, iye apeze mpata wokonza makina. Kamodziko kanabala kawiri."

"Popanda loko."

"Loko anali kwa mkazi wake. Akanapempha bwanji? Ndiye ine ndinkaima pa buleki mpaka atsike. Loko wake ndinali ine."

"Lachiwiri loko ameneyo anali kuti?"

Anagwira kumaso ndi manja onse. "Lolemba zinasintha. Pauline anali ataika chotenthetsera pa loboti, chigamba chinauma tsiku lomwelo, tinachiona tonse pa kamera. Chinali chabwino, a Sajeni. Koyamba, loboti inamata yokha chigamba chopanda thovu ngakhale limodzi. Ndinamukokera Chrispin pambali, ndinati mawa usakwere, palibe chokonza. Anavomera. Ndiye m'mamawa ndinabwera chifukwa cha alimi aja. Pa buleki panalibe loko. Njinga yake Chrispin anali ataibisa kuseri monga mwa masiku onse. Ndinamasula."

"Osayang'ana m'mwamba."

"Osayang'ana m'mwamba. Ndinangomva kukuwa kamodzi."

Mpaka pamenepo ndinali ndi chisoni naye, ndikunena zoona. Madzi akatayika sawoleka, ndipo munthu aliyense angathe kuiwala kukweza maso. Koma panali wilibala ija.

"Nanga loboti inayenda yokha kuchoka muno?"

"Ndinachita mantha. Ndinaitulutsa, ndinapinda mkono, ndinadula nsonga ya chingwe ndi chopalira. Ndimati anthu anena kuti ndi ngozi ya makina."

"Atamumanga Pauline munati chiyani? M'mawa uno munandiuza chiyani ine, muno momwemuno?"

Mkazi ali pa simenti yozizira, mwamuna wake ali m'bokosi, Elliot akupolisha nsapato. Ndinamuveka unyolo ndekha, ndipo sindinafunse ngati ukumuthina.

Tikutuluka anaima n'kuyang'ana m'mwamba, mochedwa.

"Chigamba chija chikadali pompo," anatero. "Mapiko anazungulira ndi mwera wonse uja, sichinamatuke."

* * *

Lachinayi m'mawa abwana anasaina, nkhope ili ngati adya ndimu, ndipo ndinamutulutsa Pauline. Ndinamubwerekera nsalu yakuda kwa mnzanga wa pakauntala. Ndinayendetsa ndekha galimoto kulowera ku Chinguluwe. Ndinali nditangomuuza kuti Elliot ndi amene anamasula buleki, ndipo zotsalazo ndinkazitafuna njira yonse, kusowa poyambira. Anandiyambira ndi iye.

"Mkazi uja munamupeza?"

Ndinaimika galimoto pambali pa msewu n'kuzimitsa injini.

"Kunalibe mkazi, achemwali."

Ndinamuuza zonse, osachotsera. Za Gift ndi sopo wake wochapira, za kabotolo ka guluu, za kachala kokhala ndi mzere pakati. Anamvetsera akuyang'ana kutsogolo, manja ali pamaondo.

"Zigamba zonse?" anafunsa.

"Zonse, kupatula chomaliza."

"Chomaliza chinali bwanji?"

"Chinali chabwino. Loboti yanu inamata yokha."

Panadutsa ngolo ya ng'ombe, panadutsa wakabaza atanyamula mbuzi.

"Ankandiuza tikudya," anatero potsiriza. "Bwanji guluu uzimutenthetsa pang'ono, bwanji mkono uziyenda pang'onopang'ono. Ine ndinkawaseka kuti mwayamba liti uinjiniya. Ndiye kuti amanena zimene aona m'mwamba. Lolemba nditaona chigamba chija ndinawadumphira m'khosi, ndinati taonani, yachita bwino. Anangoti imachita bwino nthawi zonse." Anatembenukira kwa ine. "Anakwera kukakonza chinthu chosafunika kukonza. Ndipo loko ali m'chikwama changa."

Pamenepo ndi pamene analira. Sindidzafotokoza kulira kumeneko. Ndinamugwira mutu pachifuwa panga, ine amene sindikhala ndi nthawi ya misozi ya anthu, ndipo yanga inagwera m'tsitsi mwake.

* * *

Tinafika nyimbo zili mkati, bokosi likadali m'nyumba. Anthu atamuona akutsika m'galimoto, nyimbo inayamba kuzima kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo. Mwamuna wina wamtali, wa jekete yakuda, anadzuka pakati pa azibambo n'kudzatiimira kutsogolo tisanafike pabwalo. Anali a Masiye, amalume ake a Chrispin, mwini mbumba.

"Uyu wadzatani pano?" anafunsa, akuyang'ana ine, osati iye.

"Pepani ndi zovutazi, bambo. Ndine wapolisi. Mayiwa alibe mlandu. Amene anamasula makina mwana wanu ali m'mwamba tamugwira, ndipo wavomera."

Sanasunthe. Anali munthu wosakweza mawu, ndipo funso lake linali lanzeru kuposa la abwana anga.

"Tamva. Koma mwana wathu timamudziwa, sanali wopupuluma. Anakwera yekha mbandakucha, popanda loko wake, kukatani? Ndani anamutuma? Mlongo wanga ali m'nyumbamo sakudya. Mundiuze chimene chinamukweza, ndikamuuze, ndiye uyu alowe akakhale kumutu kwa mwamuna wake."

Yankho linali pakamwa panga. Mawu ochepa chabe, ndipo chitseko chikanamutsegukira. Koma kumbuyo kwa a Masiye kunali kutakhala azibambo a mpingo, anzake a pagombe, ndi anthu awiri a kampani ovala mataye, onse makutu ali tcheru. Ndisanatsegule pakamwa ndinamva zala zikundilowa m'mkono.

Pauline anagwada pansi, pafumbi.

"Ndine ndinawatuma, amalume," anatero. "Ndinali ndi mantha ndi alendo. Ndinawakakamiza kuti akayang'ane chigamba changa, ndipo loko ndinaiwala kuwapatsa. Iwo sanalakwe kanthu."

A Masiye anamuyang'ana kwa nthawi yoyamba. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva chimene ankachidziwa kale.

"Boma lakumasulani," anatero. "Kumanda sitikukanizani, ndi kwa aliyense. Koma m'nyumba muja musalowe."

Anabwerera kumpando wake. Ndinamudzutsa Pauline n'kupita naye pansi pa mtengo wa mango, kumapeto kwa bwalo, komwe kumakhala anthu ongodutsa. Ndinali nditakwiya kwambiri.

"Mwachita chiyani?" ndinamunong'oneza. "Ndayenda dzulo lonse kuti mulowe m'nyumba imene ija. Ndipo zonsezi zidzamveka ndithu kukhoti, Elliot akadzaima m'bokosi la oimbidwa mlandu."

"Za kukhoti zidzamveka kukhoti, amayi. Lero ayi. Mumafuna abusa aime apo, anthu akunong'onezana kuti ankanamiza kampani, ankanamiza mkazi wake? Amayi awo akhale ndi chimenecho pa tsiku loika mwana? Ine andide, ndili moyo, ndipirira. Iwo apite ndi dzina lawo."

Ndinamanga chitenje changa n'kukhala naye pansi.

Bokosi litatuluka anaimirira, koma sanayandikire. Tinatsatira kumbuyo kwenikweni kwa mzere, pamodzi ndi amayi onyamula madzi. Kumanda tinaima kuseri kwa anthu, pomwe sitinkaona dzenje, tikungomva makasu. Adzukulu atamaliza, mkulu wa mpingo anayamba kuitana oika nkhata. Anaitana amayi ake a malemu, anaitana amalume, alongo, a kwaya, anzake a pagombe, ngakhale a kampani. Pauline anaima chilili, akumvetsera mpaka dzina lomaliza.